Buku Lonunkha Mlamba

Madzi anali atafika m'chiuno pamene Damiano Alufandika anagwira bokosi lachitsulo m'chipinda chakumbuyo kwa sitolo yake pa Chiromo. Anakoka, bokosi osasuntha. Anakokanso ndi mphamvu zonse zimene anazipeza posenza matumba padoko la Beira, bokosi linangogwedezeka ngati mvuu yokana kudzuka.

"Bambo a Otilia!" anakuwa mkazi wake Emelia ali m'bwato pakhomo. "Tulukani! Ruo sadikira munthu!"

"Ndikubwera! Ndikutenga katundu wa eni ake!"

"Katundu wanji woposa moyo? Mukufera mapepala?"

Damiano anamira mpaka m'khosi, n'kulowetsa phewa pansi pa bokosilo, ndipo anatuluka nalo akudzandira, mitsempha itatupa ngati zingwe. Mwini bwato anangoliyang'ana kamodzi.

"Nkhabe," anatero m'Chisena, akupukusa mutu. "Bwato wadzaza kale. Bokosi likalowa, thumba lituluke."

Thumba linali limodzi lokha, la mapira, chakudya chawo chonse kufikira masika, ndipo Emelia anali atalikhalira. Mwamuna anayang'ana mkazi, mkazi anayang'ana mwamuna. Kenako Emelia anadzuka pang'onopang'ono, n'kukhala pathabwa. Damiano anakankhira thumbalo m'madzi. Linazungulira kamodzi pakhonde la sitolo ngati likutsanzika, n'kumira.

Munthu amene sanaone Ruo atakwiya asanene kuti anaona madzi. Zambezi pa Mutarara ndi wamkulu, inde, Limpopo naye ali ndi mbiri yake, koma onsewo amachenjeza. Ruo amatsika ku Mulanje kunja kuli ngwee, akakumana ndi Shire pa Chiromo awiriwo amakankhana, mlandu wawo n'kukathera m'nyumba za anthu. Chakudza sichiimba ng'oma. Koma ulendo uno madzi anasankha nthawi yoipitsitsa. Masiku angapo m'mbuyomo, gadi wa sitima anali atabweretsa uthenga wapakamwa kuchokera ku Limbe: nkhalamba Manilal, mwini mabuku a m'bokosimo, wadwala kwambiri, maso afa, ndipo akuti Damiano abwere nawo mabuku ake msanga, makamaka la chikuto chobiriwira, adzamuwerengere mpweya usanathe. Damiano ankadikira sitima ya Loweruka. Madzi anafika sitima isanafike.

Anthu onse anathawira pamtumbira wa njanji, poti ndi pokhapo pamene panatsala pouma. Panali mbuzi, nkhuku zomanga miyendo, mphasa, ana olira. Damiano anatsitsa bokosi, anagwada, anatsegula. Madzi ofiira anakhuthuka m'mbali. Mabuku onse anali atatupa ngati mimba ya mbuzi yofa dzulo.

Anakhala pansi m'matope, manja pamutu.

Manilal anali Mmwenye amene anakhala pa Chiromo zaka zambirimbiri. Ali mnyamata, amalume ake anamuchotsa ku koleji ku Bombay kuti adzayeze mchere ndi kudula nsalu kuno. Anabwera ndi zovala zochepa ndi bokosi lomweli, lodzaza mabuku a nzeru zakuya olembedwa ndi aphunzitsi ake ndi anzawo, Amwenye okhaokha, koma olemba m'Chingerezi, nthawi imene dziko lawo linali m'manja mwa Angerezi monga linalili lathu. Anali munthu wosadya chamoyo chilichonse: nyama ayi, dzira ayi, nsomba ndiye osayerekeza. Ogulitsa nsomba akafuna kupuma pakhonde lake ankawapempha mwaulemu kuti asiye madengu kutsidya kwa msewu, iye n'kuwapatsa madzi akumwa.

Damiano anakumana naye atangobwerera kuchokera kumaulendo ake. Ndipo anali atayenda munthu ameneyu! Anasenza katundu ku Beira, anaperekera zakudya m'mahotela a ku Salisbury, analowa pansi pa nthaka ku Joni, Chingerezi chake anachitola yekha m'njira monga mmene nkhuku imatolera chimanga. Tsiku lina analowa m'sitolo kudzagula singano, anapeza Mmwenye akuwerenga, anafunsa kuti bukulo likuti chiyani, ndipo atauzidwa anati, "Ameneyo walakwa." Ubwenzi unayambira pomwepo. Lamulungu lililonse masana ankakhala pakhonde, buku pakati, akukangana mpaka dzuwa kupendeka.

Boma litalamula kuti Amwenye onse achoke kumidzi akakhale m'mizinda, Damiano ndi amene anatenga sitoloyo. Ana a Manilal anati nyumba ya ku Limbe ndi yopanikiza, bokosi lilibe malo. Tsiku lonyamuka, pa siteshoni, pamaso pa anthu, Damiano anadziguguda pachifuwa.

"Madala, pitani ndi mtima umodzi. Ine ndine Damiano amene ndinawoloka Zambezi m'bwato wa khungwa. Ngakhale chiswe chimodzi sichidzalawa tsamba la mabuku anu!"

Nkhalamba sinaseke. Inamukokera pambali. "Damiano, ndili mnyamata ndinkati aphunzitsi anga ndi zimphona. Kenako anthu anandiuza kuti anali zinkhwe chabe, zobwereza mawu a Mzungu, ndipo theka la mtima wanga linawakhulupirira. Ndisanafe ndikufuna ndidzawamvenso kamodzi, ndiweruze ndekha. Undisungire."

Mawu amenewo ndi amene ankamulasa Damiano tsopano, atakhala m'matope.

"Alamu! Ndamva mwadyetsa ng'ona mapira kuti mupulumutse laibulale."

Anali Geresomo, mchimwene wa Emelia, mphunzitsi wa pasukulu ya pomwepo, atakwinya buluku mpaka m'mawondo, nsapato zili m'khosi. Anatola buku limodzi ndi zala ziwiri, likudontha.

"Alamu, musayambe lero," anatero Damiano.

"Sindikuyamba, ndikufunsa. Mabuku amenewa ndi a yani? Azungu sawafuna. Ku koleji tinaphunzira anzeru a ku Girisi, a ku Jeremani, a ku Mangalande, Mmwenye sanatchulidwepo ndi mmodzi yemwe. Amati izi ndi zachipembedzo zongovala suti. Amwenye eni ake sawafunanso. Ana a Manilal anawasiya ngati zinyalala, amati nzeru zenizeni za makolo awo zili m'chinenero chawo chakale. Ndiye ndi mleme basi: kwa mbalame akuti uli ndi mano, kwa mbewa akuti uli ndi mapiko. Olemba mabukuwa ankalemba kuti bwanamkubwa awasisite pamutu."

Ngakhale mtima unali utasweka, lilime la Damiano linali lamoyo. "Alamu, inu mumalota m'chinenero chanji?"

Geresomo anacheuka uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Chisena, nanga n'chiyani."

"Kusukulu mumaphunzitsa m'chiyani?"

"Chichewa ndi Chingerezi. Mukudziwa lamulo."

"Ndiye zimene mumauza ana m'kalasimo ndi nzeru za munthu wa ku Dedza? Ndi za Mzungu? Mtondo wobwereka susandutsa ufa kukhala wa mwini mtondo."

"Zoona," anatero Geresomo, akubweza bukulo m'bokosi. "Koma umasiya fungo la zimene anasinjamo mwini wake."

Damiano anayang'ana bukulo m'bokosi. Chimene chinamupweteka n'chakuti funso lomwelo ndi limene linkadya nkhalamba ku Limbe.

"Tsono bukulo la chikuto chobiriwira likuti chiyani chimene chatidyera mapira?" anafunsa Emelia, akufinya chitenje.

"Likufunsa funso lalikulu. Likuti munthu ukagona tulo tofa nato, sukuona, sukumva, sukulota. Koma m'mawa umati, ndagona bwino. Tsono ndani mwa iwe anali maso kuti achitire umboni kuti wagona bwino?"

"Ndine," anatero Emelia. "Mkonono wanuwo umachitira umboni mudzi wonse."

Amayi amene anali pafupi anaphulika kuseka. Damiano sanaseke nawo.

Masiku otsatira mvula inangokhala ikuwaza, dzuwa osaoneka. Sitima inaima chifukwa madzi anali atakokolola dothi pansi pa njanji cha ku Makhanga. Damiano anayala mabuku pansi pa lona, anawapepesera ndi chivindikiro cha dengu, anawafunditsa jekete lake la ku Joni, iye n'kumanjenjemera ndi malaya okha. Zonse zinapita pachabe. Chuku chinayamba kumera m'zikuto, choyera poyamba, kenako chakuda, chikufalikira ngati zipere. Tsiku lina dzuwa linasuzumira pang'ono, iye anathamanga kukasanjika mabuku ena pazitsulo za njanji ali otseka. Anauma kunja kokha, masamba n'kumatirirana kukhala njerwa. Anayesa kuwalekanitsa ndi mpeni, mpeni unkangotuluka ndi phala la mawu.

"Ndapha munthu," ankalankhula yekha. "Ine Damiano, ndapha munthu asanafe."

Anasiya kudya. Anthu amene kale ankasonkhana kudzamva nkhani zake za ku Joni tsopano ankamulambalala, ena akunong'onezana kuti mutu wayamba kuzungulira.

Emelia analibe nthawi yonong'ona. Mapira anali atapita, koma madzi osefukira amabwera ndi mphatso yawo: milamba inali mbwee m'minda, amuna akuigwira ndi manja. Emelia anali katswiri wowamba nsomba, wodziwika mpaka ku msika wa Bangula. Anabwereka theka la mgolo, anayala waya pamwamba, anasonkha moto wa utsi pansi pake, n'kuyamba ntchito yake: kung'amba mlamba pamsana, kuutambasula, kuuyala pa waya, kuutembenuza.

M'mawa wina kunamveka kuti njanji yakonzedwa. Damiano anapita ku siteshoni kukafunsa, anauzidwa kuti sitima idutsa mawa lake. Anabwerera akuganiza chimene akanyamule. Ali chapatali anaona utsi wa mgolo wa mkazi wake. Atayandikira anaima chilili.

Pa waya panalibe nsomba. Panali mabuku. Lililonse linali lotambasulidwa pakati, chafufumimba, msana kumwamba, monga mmene amayalira mlamba. Emelia anali atagwada pambali, maso ali ofiira ndi utsi, akutembenuza masamba ndi kamtengo.

"Mayi a Otilia! Mwachita chiyani?"

"Ndikuwamba."

"Mukuwamba! Mabuku a eni ake!"

"Chonyowa chilichonse chikasowa dzuwa chimafuna utsi. Mumafuna ndiziyang'ana zikuola? Munataya chakudya cha ana chifukwa cha zimenezi, ndiye ziole ndikuona ine?"

Damiano analumphira pamgolo, akuchotsa mabuku ndi manja osamva kutentha. Amene anali pakati, pamene moto umalasa, anali atapserera, ena atasanduka makala. Pepala si mlamba, lilibe mafuta odziteteza. Ena amene anali m'mbali anali atauma ndithu, masamba akutseguka limodzilimodzi, chuku chitafa. Koma onse anali ofiirira ngati fodya, ndipo waya uja, umene unamwa mafuta a milamba masiku onsewo, unali utawapatsa fungo lake. Anapeza la chikuto chobiriwira. Silinalinso lobiriwira. M'mphepete munali mwakuda, ndipo masamba akumapeto moto unali utadya. Analiyandikitsa kumphuno, n'kulira mokweza ngati mwana.

"Mukudziwa mwini wake ndi ndani? Munthu amene moyo wake wonse sanakhudzepo nsomba! Amene dengu la nsomba silinkaponda pakhonde pake! Ndikamupatse chinthu chonunkha mlamba pa mphasa yake ya imfa? Kuli bwino ndikanamutukwana!"

Emelia anaponya kamtengo pansi. "Zimenezo sindinaziganize," anatero motsitsa. "Ndinangoona kuti zikuola."

Geresomo anali atafika atamva phokoso. Anayang'ana zonsezo, ndipo ulendo uno sanaseke. Anakhala pambali pa mlamu wake.

"Alamu, mverani. Madzi akatayika saoleka. Tumizani mawu ndi gadi yemwe uja kuti Ruo anatenga bokosi lonse. Ndani angakutsutseni? Madzi saimbidwa mlandu. Nkhalamba idzalira pang'ono, koma idzafa ikudziwa kuti mabuku ake anapita oyera. Komanso masiku ano kuyenda ndi mabuku achilendo m'sitima si nzeru. Aboma akakufunsani kuti analemba ndani, akuti chiyani, mudzayankha mpaka liti? Anthu apita chifukwa cha zochepa kuposa izi."

Damiano anasisita buku limene linali pamiyendo pake. Mawu a mlamu wake anali okoma ngati madzi a m'mtsuko. Kungonena kuti Ruo anatenga, basi, dzina lake likhala loyera, ndipo palibe amene adzamve kuti Damiano wa pa Zambezi anawambitsa mabuku a mnzake ngati nsomba. Koma akatseka maso ankaona nkhalamba yakhungu itatchera khutu kukhomo, ikudikira kuti iweruze mlandu wa aphunzitsi ake, mboni osabwera.

"Bambo a Otilia," anatero Emelia osamuyang'ana, "ine sindidziwa za m'mabuku. Ndidziwa kuti nsomba yaiwisi imaolera pafupi pompano pa Sankhulani, yowamba imafika ku Limbe. Akakutukwanani, muwauze kuti ndine."

M'mawa mwake Damiano anakwera sitima, dengu lili pamutu, mabuku otsala atakulungidwa m'chitenje cha mkazi wake. Pakhomo la siteshoni amuna oona makadi a chipani anamuimitsa. Mmodzi anaona khadi, anaweramira dengu, ananunkhiza.

"Mlamba wa pa Chiromo," anatero. "Pitani, bambo."

M'sitima amayi awiri anamuvutitsa njira yonse kuti awagulitseko. Pa Thekerani wina anamunena kuti ndi wamwano, wokaniza nsomba anthu ali ndi njala. Damiano, amene masiku onse sankatha ulendo osasimba za ku Salisbury, sanatsegule pakamwa mpaka ku Limbe.

Sitolo ya ana a Manilal anaipeza masana. Banja linkakhala m'zipinda za kuseri. Kanti, mwana wamkulu wa nkhalamba, anatuluka pakhomo la kumbuyo, anamulandira ndi manja awiri, kenako nkhope inasintha. Anabwerera m'mbuyo, dzanja pamphuno.

"Bambo Damiano, mwanyamula chiyani? Mukudziwa kuti nsomba silowa m'nyumba muno."

"Si nsomba, Kanti. Ndi mabuku a bambo ako."

Anamasula chitenje. Kanti anayang'ana zinthu zofiirira, zopserera m'mbali, anayang'ananso Damiano ngati munthu amene wamubweretsera khoswe wakufa.

"Ayi. Bambo ali pafupi kupita. Amayi atsuka chipinda chonse, tikuwawerengera mapemphero. Izi sizingalowe. Pepani, mwavutika ulendo wautali, koma bwererani nazo."

"Kanti, mwana wanga, ndakunyamulapo pamapewa awa." Damiano anagwada pa simenti, munthu amene sanagwadirepo kapitawo wa mgodi. "Ndataya chakudya cha ana anga. Ndilole ndingowauza ndekha chimene ndachita, kenako undithamangitse."

"Sizingatheke."

Pamenepo pawindo lapafupi, lotchingidwa ndi zitsulo, panamveka mawu ofooka ngati a munthu wolankhulira m'chitsime.

"Ndikumva fungo la Chiromo. Damiano, ndiwe?"

Damiano anakwawa ndi mawondo mpaka pansi pa windo. Bedi la nkhalamba linali pomwepo mkati. Anaona mutu woyera, masaya olowa, maso otseguka osaona kanthu.

"Ndine, madala. Ndabwera ndi manyazi." Ndipo anafotokoza zonse, osabisa: madzi, chuku, mpeni, mgolo, waya wa milamba, mabuku amene anasanduka makala. Dzina la Emelia lokha sanalitchule. "Ndinalumbira pa siteshoni kuti chiswe sichidzalawa tsamba. Chiswe sichinalawe. Ndawononga ndine."

Kenako dzanja lowonda ngati bango linatuluka pakati pa zitsulo, likufufuza mumphepo.

"Lobiriwira lija lilipo?"

"Lilipo, koma..."

"Ndipatse."

"Bambo!" anafuula Kanti. "Ndi mafuta a nsomba okhaokha!"

"Ndidzasamba," inatero nkhalamba. "Posachedwa mundisambitsa nonse."

Kanti anatembenukira kukhoma. Damiano anaika buku m'dzanja lija. Zala zinayenda pachikuto, zinatsata m'mphepete mopserera, zinafika kumapeto kumene masamba anasowa, zinaima pamenepo. Kenako dzanja linabweza bukulo panja.

"Werenga. Yambira pa za tulo paja."

Damiano anaimirira, anapukuta maso ndi mkono, n'kuyamba kuwerenga ndi Chingerezi chake cha m'mahotela ndi m'migodi, ataima pabwalo pakati pa makatoni ndi zingwe zoyanikira zovala. Mlembi ankayenda pang'onopang'ono. Ankayamba wanena zimene anzeru a ku Ulaya amanena, kuti m'tulo totere mulibe munthu, muli mdima basi. Ankawapatsa ulemu wonse, n'kuwafunsa kuti nanga mdimawo anauona ndani. Ankatembenukira kwa makolo ake, amene amati mkati mwa munthu muli mboni yosagona, nawonso osawasiya: ngati mboniyo ili maso, bwanji sititha kuifunsa china chilichonse koma chokhacho chakuti tagona bwino?

"Ima," inatero nkhalamba. "Bwereza pamenepo. Wawafunsanso akwathu?"

"Wawafunsa, madala. Sanawasiye."

"Ndinali nditaiwala kuti anawafunsanso akwathu." Mpweya unkalira m'chifuwa. "Pitiriza."

Damiano anapitiriza mpaka mthunzi wa khoma unafika pamapazi ake. Masamba ankang'ambika m'makona, zala zake zinada bii. Mlembi anali atasonkhanitsa mbali zonse ziwiri, ndipo analemba kuti tsopano anena maganizo ake. Damiano anatembenuza tsamba. Panalibe tsamba. Panali m'mphepete mwakuda basi.

"Apa ndi pamene pathera moto, madala."

"Anati chiyani pomaliza?"

"Sindikudziwa. Ife sitinafikepo kumapeto. Nthawi zonse tinkayamba kukangana tisanafike."

Nkhalamba inayesa kukumbukira. Milomo inkayenda popanda mawu. "Ndinawerenga ndili mnyamata," inatero. "Zapita." Misozi inatsika m'makona a maso akhungu aja, ndipo Damiano anamva ngati nthaka ya Limbe itseguke imumeze. Ulendo wonsewu, mapira onse aja, kudzafika pakhomo la yankho n'kupeza lapsa.

"Ndikhululukireni," ananong'ona.

Nkhalamba inangofunsa kuti, "Iwe ukuti bwanji?"

"Ine?"

"Pali Damiano wina pamenepo? Ndani amakhala maso?"

"Ine ndikuti palibe amakhala maso. Munthu amadzuka thupi lili lopepuka, n'kungoganizira kuti wagona bwino. Monga ukapeza matope pakhomo, umadziwa kuti Ruo anadutsa ngakhale sunamuone."

"Walakwa!" Mawu anatuluka ndi mphamvu imene inadzidzimutsa ngakhale Kanti. "Matope umawadziwa chifukwa unaonapo madzi tsiku lina. Tulo totere unationa liti kuti uzindikire mapazi ake?"

"Madala, musandipanikize ngati ndaba. Mkazi wanga akuti mboni ndi iye, chifukwa cha mkonono."

Nkhalamba inaseka mpaka kutsokomola, Kanti anathamangira mkati kukaikweza pa pilo. Itapeza mpweya inatembenuzira nkhope kuwindo.

"Damiano, chinkhwe ukachidula mawu chimangokhala chete, nawenso umakhala chete. Uyu moto wamutseka pakamwa, koma taona, watisiya tikulimbana."

"Mlamu wanga Geresomo akuti mtondo wobwereka umasiya fungo mu ufa."

"Akunena zoona mlamu wakoyo. Chingerezi chikununkha m'bukumo tsamba lililonse. Lero mwawonjezamo mlamba." Inapumira kaye. "Ukamufunse ngati kwawo amataya ufa chifukwa cha fungo. Ndipo amene anawamba bukuli ukamuuze kuti takhuta, tathokoza. Ndikudziwa si iwe. Iwe ukanalipsereza lonse."

Kutali, cha ku siteshoni, sitima yobwerera kuchigwa inalira kawiri. Damiano anaimva. Anayang'ana dengu lake, anayang'ana windo.

Chitseko cha kumbuyo chinatseguka. Kanti anatuluka atanyamula mpando, nkhope ataitembenuzira kumbali chifukwa cha fungo. Anauika pansi pa windo, anaukankha pang'ono kuti ukhazikike, n'kubwerera mkati.

Damiano anakhala pansi, n'kutsegula buku pamiyendo.

"Bwerera pamene wawafunsa akwathu paja," inatero nkhalamba. "Ndipo usathamange. Ukafika pamoto, tipitiriza tokha."